Mlendo wa Abambo M'dziwe

Dorab Bazar,
Dashtyari.
9 Okutobala, 2022

Okondedwa achimwene a Dadkarim,

Mtendere ukhale nanu kumeneko ku Muscat. Ndikhulupirira kuti msana uja unasiya kukuvutani, ndipo ngati sunasiye ndi chifukwa cha kusamva kwanu. Ndinakuuzani kuti matumba a simenti muziwasiyira anyamata, inu imvi zayamba kale. Kuno tadzuka, Mulungu watisunga. Mbuzi zanu zaswa, yamawanga ija mapasa, ndipo nthochi za kumunda kwa amuna anga zayamba kudzuka chichokereni madzi osefukira aja.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene Lachisanu lililonse timayankhulana pafoni. Ndalemba chifukwa pafoni munthu amanama mosavuta. Amangoti "tili bwino," netiweki n'kuduka, iye n'kupumira m'mwamba. Koma mwambo wathu mukuudziwa. Mlendo akafika n'kukhala pamphasa, akamwa madzi, wamkulu wa pakhomo amamufunsa hal, ndipo iye amafotokoza zonse kuyambira kumene ananyamukira mpaka pamene wafikira, chokoma ndi chowawa chomwe, osadumpha kanthu. Popereka hal munthu sanama. Tsono a Nabibakhsh, amene akubwera kumeneko, akakupatsani pepalali, mulilandire ngati ndafika ndine. Khalani pansi, musawerenge muli chiimire, ndipo musathamangire kumapeto monga mumachitira. Ndikupatsani hal yonse.

Ndiyambira pa chilala cha chaka chatha. Mukumukumbukira gando wathu wakale uja, ng'ona ya diso limodzi imene inkakhala m'dziwe la mudzi kuyambira tili ana? Uja tinkachapa zovala iye ali gone kutsidya, kukamwa kuli yasa, ife osamulabadira n'komwe? Dziwe litaphwa n'kutsala matope okhaokha, m'mawa wina tinangoona pamene anakoka mchira wake kulowera kumtsinje. Sanabwerenso.

Tonse tinamva chisoni, koma abambo anachita kudwala nazo. Ankati gando ndi amene amakumba pansi kuti madzi asathe, ndipo akachoka ndiye kuti dalitso la mudzi lachoka naye. Ife tinali ndi zathu zodandaula, kudikira galimoto ya madzi imene inkabwera tsiku limene yafuna, choncho tinkangowasiya alankhule. Mvula yaikulu ija itagwa, mtsinje unasefukira ndipo dziwe linadzaza mpaka pakamwa. Mudzi wonse unasangalala kupatula iwo. Ankakakhala pagombe ndi ndodo yawo, kuyang'ana pamadzi ngati pangatuluke diso limodzi lija, n'kubwerera kunyumba ali khuma.

Madzi ataphwera m'misewu, abambo anapita kumsika ndi amuna anga a Pirdad pa kagalimoto kathu. Pobwerera anapeza gando ali gone m'mphepete mwa msewu, kutali ndi madzi, khungu litang'ambika ndi dzuwa, ntchentche zili m'maso. Madzi osefukira ndi amene anamutaya kumeneko. Zimene anakambirana anandiuza ndi a Pirdad.

"Imitsani galimoto, a Pirdad."

"Apongozi, chimenecho chafa kale."

"Chakufa chimaphethira? Imitsani!"

Abambo anavula nduwira yawo, anainyowetsa ndi madzi awo akumwa, n'kumuphimba nayo kumaso. Anaitana anthu odutsa, anamumanga pakamwa ndi chingwe cha mbuzi, n'kumukweza kumbuyo kwa galimoto. A Pirdad anati akamutaye kumtsinje, koma abambo anakana. "Kumtsinje madzi akutha kale. Ameneyu wagona panjira yanga, wandipempha moyo. Mumve ndi makutu anu: kuyambira lero ndi bahot wanga." Achimwene, inu mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Wothawira pakhomo pako n'kukhala bahot wako sumupereka kwa omufuna, ngakhale atalakwa chotani. Umayamba kugwa ndiwe.

Anafika naye m'mudzi ngati abwera ndi mkwatibwi. Ana anathamangira galimoto, amuna anawomba m'manja, ifenso amayi tinasiya miphika pamoto kukaona. Ine amene ndikulemba pano ndinaseka nawo, sindikana. Mwana wanu Zarbanu ndiye anaseketsa anthu.

"Agogo, anzanu akapita kumsika amabwera ndi shuga. Inu mwabwera ndi mlendo wosapereka ndi moni womwe! Nanga hal wapereka?"

"Wapereka, koma ndi ya akuluakulu," anatero abambo. "Iwe thamanga ukamalize diresi lako, usadzakwatiwe utavala thumba la ufa."

Tsiku limenelo abambo anadya mbale ziwiri za mpunga.

Apa ndi pamene tinalakwira tonse. Tinamutenga gando watsopanoyu ngati wakale uja. Wakale anali nkhalamba yokhuta, anatizolowera, mawu athu ankawadziwa. Uyu anali wamng'ono, wanjala, wochokera kumene sitikudziwa, ndipo mwina kumsewu kuja anagendedwa miyala. Palibe amene anaganiza zimenezo. Tinabwerera kukatunga ndi kukachapa pamalo pathu pakale, titanjuta m'mphepete mwenimweni mwa madzi monga tinaphunzirira kwa amayi athu.

Diresi la ukwati la Zarbanu linali litatsala pang'ono. Anali atapeta manja onse awiri ndi pachifuwa, ndi ulusi wofiira uja munatumiza ndi timagalasi tija, moti amayi a m'midzi ina ankabwera kudzaona. Chimwalirireni mayi ake ndamulera ndine mwana ameneyu, ndipo singano ndinamugwiritsa ndine, koma anandipitirira kalekale. Linatsala ndi thumba lalikulu lakutsogolo lokha.

Linali m'mawa wa tsiku lina mu Ogasiti. Tinapita awiri kudziwe, iye ndi ndowa, ine ndi beseni la zochapa. Anali akundinena kuti ndakalamba, ndikuyenda ngati ngamila yapakati. Ananjuta, anapinda dzanja la malaya, n'kuviika ndowa ndi dzanja lamanja. Sindinaone kanthu pamadzi, achimwene, ndikulumbira. Madzi anangotseguka.

Ndinamugwira m'chiuno. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Amayi ena anabwera ndi mabeseni ndi mitengo, kumenya chilombocho kumutu, koma chinagubuduka m'madzimo, ndipo pamene ndinagwera chagada mwana ali pachifuwa panga, ndinadziwa kuti sindinamulanditse yense. Abambo anafika akuthamanga opanda ndodo. Nduwira yomwe ija anaphimba nayo gando kumaso ndi imene anamanga nayo mkono wa mdzukulu wawo. Ulendo wonse wa kuchipatala cha ku Chabahar anamunyamula pamiyendo, osalira, akungoyang'ana kutsogolo.

Madokotala anayesetsa. Moyo wake anaupulumutsa, ndipo chifukwa cha ichi tikuthokoza Mulungu. Koma dzanja lamanja la Zarbanu kulibe, achimwene. Anadula pamwamba pang'ono pa chigongono.

Ndalemba. Ikani pepalali pansi ngati mufuna, mumwe madzi, koma mubwerere chifukwa hal sinathe.

Mukufunsa mumtima kuti nanga Malachisanu onsewa? Inde, amene ankagwira foni ndine, iye atafunda mpango waukulu uja mpaka m'chiuno, akukusekani kuti mwanenepa. Sabata zimene tinakuuzani kuti netiweki yavuta tinali kuchipatala. Anandilumbiritsa ali pabedi. "Azakhali, musawauze ababa. Akamva asiya ntchito, ndipo akafika adzawayang'ana agogo ndi maso awo aja. Ine maso amenewo sindikufuna kuwaona." Mwana wadulidwa dzanja, koma akuganizira nkhalamba. Ndinamumvera mpaka lero, ndipo mundikhululukire.

Atatisiya kuchipatala, abambo anabwerera kumudzi ndi a Pirdad. M'mawa mwake amuna anasonkhana ndi mfuti, a Pirdad patsogolo. Anapeza abambo atakhala pagombe, pamalo pomwe paja, mutu uli pamtunda wopanda nduwira. Inu munawaonapo abambo panja opanda nduwira?

"Apongozi, chokanipo," anatero a Pirdad.

"Wombani."

"Si inu tikufuna."

"Sanabwere yekha kuno ameneyu. Ndinamunyamula ndi manja anga awa, ndipo ndinanena pamaso panu kuti ndi bahot wanga. Iye wachita za chibadwa chake. Ngati pali wofunika chipolopolo, ndi uyu wakhala panoyu."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Bahot amakhala munthu, madala, osati chilombo!"

"Tsiku limene ndinkanena unali pomwepo," anayankha abambo. "Sunanditsutse. Unawomba nawo m'manja."

Anaima choncho mpaka dzuwa linawawotcha. Shehe wa pamzikiti anabwera n'kuwauza kuti chipolopolo sichibweza dzanja. Zoona zake n'zakuti nawonso ankaopa, pakuti m'mudzi muno palibe amene anaphapo gando, ngakhale agogo a agogo athu. Anabalalika mmodzimmodzi. Gando akadali m'dziwemo mpaka lero. Tsopano timatunga titaima patali, ndowa itamangidwa kunsonga ya mtengo wautali.

Ine nditabwera kuchipatala sindinawalankhule abambo. Chakudya ndinkangowaikira pamphasa n'kutembenuka. Mukundidziwa, mkwiyo wanga ndi wanu tinayamwa bere limodzi. Kenaka ndinazindikira kuti m'mawa uliwonse amatuluka ndi kambale kovundikira, ndipo tsiku lina ndinawatsatira. Ndinawapeza akuponya matumbo a nkhuku ndi mitu ya nsomba m'dziwe. Ndinawakalipira.

"Mukumudyetsabe? Sanakhute ndi dzanja la mdzukulu wanu?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Achimwene, abambo atha. Masaya alowa, ndevu zija zangoti nyankhalala.

"Mahatun, mwana wanga, ukuganiza kuti ndimamukonda? M'mudzi muno palibe amene amamuda kuposa ine. Ndikamuona akutulutsa mphuno, ndimayang'ana kumbali. Koma amene amaluma ndi gando wanjala. Ndikaleka lero, mawa atenga mwana wa wina. Ndinamubweretsa ndine, ndizimudyetsa mpaka mmodzi wa ife afe."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira. Iwo anatsuka kambale kawo ndi mchenga, n'kudikira kuti ndimalize.

Tsopano za ukwati, pakuti ndi zimene mukubwerera mwezi wamawa. A Gulbibi, mayi ake a Yarmamad, mnyamata uja wotomera Zarbanu, anabwera kudzazonda ndi mtanga wa zipatso za kanjedza. Anakhala, anamwa tiyi, koma maso awo sanafike pankhope ya Zarbanu. Anali pa dzanja la malaya lolendewera lija.

"Asewere, ife sitikukana ayi," anatero ndi mawu okoma ngati uchi. "Mwanayu ndi wathu. Kungoti tinapangana kuti ukwati udzachitika diresi likatha, ndipo kumtundu kwathu mkwatibwi amamaliza yekha diresi lake, singano ya wina siloledwa. Tidikira. Changu n'chachiyani?"

Ndinafuna kuwathira tiyi kumaso, Mulungu andikhululukire. Mwambo umenewo anautola panjira pobwera, pakuti diresi la mwana wawo wamkazi theka lonse ndinapeta ndine. Koma ndinangoti, "Zikomo asewere, mwatiyendera." Anatseka chitseko mwaulemu, n'kutisiya tiwathokoze.

Zarbanu anamva zonse. Sanalire. Madzulo ake anatulutsa diresi m'bokosi n'kugwira singano ndi dzanja lamanzere. Koma inu amuna simudziwa: popeta, dzanja limodzi limalasa, lina limagwira nsalu n'kuikoka kuti ikungike. Anayesa kupanikiza ndi bondo, anayesa ndi zala za kuphazi, anayesa ndi mano. Nsalu inkangokwinyika. Ndinamugwirira ine, koma mbuzi zikulira, mphika ukupsa, ndipo iye anati ndimakoka ngati ndikukangana ndi nsaluyo. Tsiku lachitatu anaponya singano kukhoma n'kubisa nkhope m'mpango.

Abambo anali panja, akumva. Chibwerereni kuchipatala anali asanamuyang'anepo kumaso, akamuona akubwera ankazungulira kuseri kwa khola. Tsiku limenelo analowa, anafunafuna singano ija pansi mpaka anaipeza, n'kukhala pamphasa ya amayi, miyendo atapinda.

"Ndigwire pati?"

Zarbanu anawayang'ana kumaso. Kenaka anakankhira nsalu kwa iwo.

"Apa, agogo. Ndi apa. Kokani pang'ono. Ayi, osati choncho, simukumanga mbuzi!"

Kuyambira pamenepo, akapemphera masana amakhala awiriwo pamthunzi wa khoma, iye akulasa, iwo atagwira. Amuna odutsa sawasiya. "Madala Lal Mamad, mwayamba liti kupeta? Tikugulireni mpango?" Munthu amene kale akatsokomola anyamata ankakhala chete, lero sadzutsa ndi mutu womwe. Dzanja lamanzere silinazolowere, choncho singano imaphonya n'kuwalasa. Zala zawo zonse ndi mabala okhaokha. Amangopukuta pamalaya kuti magazi asadetse diresi. Zarbanu akawalasa amati, "Pepani agogo," iwo amati, "Lasa, mwana wanga," ndipo ine ndimathawira kukhitchini.

Mizere yake ndi yokhota, sindikunamizani. Amapeta, amaona, amamasula, amayambiranso. Ndaika m'kalata muno kansalu kamene ankaphunzirirapo. Muone m'munsimo mmene ankayambira, muonenso m'mwambamo mmene afikira. Kadontho kofiirira pakonapo ndi ka chala cha abambo. Ngati diresi lidzatha inu musanafike sindikudziwa, ndipo ngati likadzatha a Gulbibi sadzatola mwambo wina panjira, sindikudziwanso. Yarmamad anatumiza mlongo wake ndi ulusi wofiira mobisa, osanena mawu. Ndi chokhacho chimene ndili nacho.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikukudziwani, achimwene. Mukatsika galimoto mudzafuna mfuti musanafune madzi akumwa, ndipo amene adzakhale pakati pa inu ndi dziwe mukumudziwa. Abambo nawonso akukudziwani. Dzana ndinapeza atamanga bulangete lawo ndi malaya awiri m'kamtolo, atabisa kuseri kwa thumba la mpunga. Nditawafunsa anati akufuna kupita kumapiri kwa abale aja oweta mbuzi inu musanafike, kuti mwana wawo asadzavutike ndi kuwaona. Ndi chifuwa chawo chija, kumapiri kuzizira kukayamba, sadzabwerako. Ndipo akapita, kambale kaja adzanyamula ndani m'mawa? Nsalu adzagwira ndani?

Sindikuti musakwiye. Mwana ndi wanu, ndipo ine ndinakwiya mwezi wathunthu. Sindikutinso sanalakwe. Analakwa, ndipo tinalakwa nawo tonse amene tinawomba m'manja. Ndikungoti munthu amene mukufuna kumulanga akudzilanga kale m'mawa uliwonse pagombe ndi masana aliwonse pamphasa, ndipo mwana wanu, mwini dzanja, anawapatsa nsalu yake kuti agwire.

Hal yanga yathera pamenepa. Sindinadumphe kanthu.

Landirani moni kuchokera kwa a Pirdad. Akuti mfuti anakaisungitsa kwa mbale wawo kutsidya la mtsinje, musadzavutike kuifuna m'nyumba. Shehe akupereka moni, akuti amakutchulani m'mapemphero. Anzanu a pamzikiti akufunsa ngati mukadali wakuda ndi dzuwa kapena mwayera ndi simenti. Mupereke moni wanga kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko.

Zarbanu akupereka moni wambiri. Ndamuuza kuti ndalemba zonse. Anati mumukhululukire chifukwa cha mpango uja, ndipo musalire pamaso pa anzanu. Akupempha kuti pobwera mumugulire tizitsulo tija tovala kunsonga ya chala posoka, tiwiri kapena titatu, tatikulu. Akuti si take, ndi ta agogo.

Abambo ndinawafunsa kuti ndilembe moni wotani. Anayang'ana zala zawo. Kenaka anati, "Ndilibe pakamwa pomupatsira moni. Ungomufunsa chinthu chimodzi. Tsiku lofika, ndikhale pamphasa ndimufunse hal monga bambo wake, kapena andipeze nditachoka? Chimene anene ndichita."

Musandiyankhe ine, achimwene. Lachisanu mukaimba, foni ndidzawapatsa iwo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mahatun